Makina Opanda Mabatani

Abusa, akulu ampingo anzanga, abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo mundipirire, mkwiyo sunathe wonse.

Mukundidziwa. Ndinali kalaliki ku esiteti ya tiyi mpaka kupuma. Pepala lililonse ndimasunga m'sutikesi yachitsulo, ngakhale lisiti la loko wa pakhomo. N'chifukwa chake ndinkakonda khadi la kubanki, kumene imafikira penshoni yanga. Ukalipira m'sitolo, makina amalavula kapepala. Zolipira pafoni ndinkazinyoza. Ndinkati, ndalama yopanda pepala ili ndi mboni yanji?

Kenako maso anayamba kuchita ng'ala. Komabe ndinkalipira ndekha, chifukwa makina akale anali ndi mabatani, ndipo chala chinkadziwa njira.

Tsiku lina ndinapita kusitolo ina pa Nkando kukagula shuga ndi sopo. Mtsikana wa pakauntala anandipatsa makina atsopano. Ndinapapasa. Galasi lokhalokha, abale! Losalala ngati mbale. Manambala ali m'katimo, ine sindikuwaona.

Iye anati, "Agogo, tangotchulani nambala yachinsinsiyo, ndikudinireni. Anthu akudikira."

Ndinati, "Mwanangu, chinsinsi chotchula pamzere chikhalanso chinsinsi?"

Wina kumbuyo anakuwa, "Madala, ife minibasi itisiya!" Anthu anaseka. Ndinasiya katundu pomwepo, ndinatuluka. Mpaka lero ndimafunsa: amene anapanga makinawo, kwawo kulibe okalamba?

Nkhani inafika kwa ana. Mwana wanga wamkazi anabwera, nakhala pansi mwaulemu. Anati, "Ababa, khadilo mungowapatsa akamwini anu, azikugulirani zonse. Inu muzipuma."

Sanalakwe. Mkamwini wanga si wakuba, ali pomwepo apo, ndikunena akumva. Koma taganizani, abale. Munthu wolera ana mpaka kukula, uyambe kupempha chilolezo kuti ugule lezala? Ndinaona kuti akatenga khadi, anditenganso ine. Ndinapempha Mulungu, osati kuti andibwezere maso ayi. Ndinati, Ambuye, musandisandutse mlendo m'nyumba mwanga.

M'mawa wina ndili pakhonde, ndikusisita kafoni kanga ka mabatani, kamene ana amakaseka, chala chinagunda kachiphuphu pa batani lapakati, la faifi. Zaka zonsezi ndinali ndisanakamve. Ndinaona kuti ndikayambira pamenepo, manambala ena onse ndiwapeza osayang'ana.

Ndinaitana mayi akunyumba. Iwo amagulitsa nthochi pa Thuchila, ndipo makasitomala ena amawalipira pafoni. Anati, "Si inu munkati zimenezi n'zachibwana?" Ndinati, "Ndinkatero. Khalani pansi." Iwo ankawerenga zotuluka pafoni, ine ndikudina, kulakwitsa, kuyambiranso. Tinakanganapo, osabisa. Kenako tinapita limodzi kubanki kuti akatilumikizire akaunti ndi foni.

Khadi sindikulinyoza. Kwa amene akuona ndi labwino, ndipo limatulutsa pepala. Foni nayo ili ndi zake: netiweki imathawa, ndipo amadulapo kangachepe, zomwe zimandiwawa. Koma makina a khadi ndi a mwini sitolo, akhoza kuwasintha osandifunsa. Foniyi ndi yanga. Wogulitsa amanditchulira nambala ya sitolo, ine ndimadina, yachinsinsiyo ndimadinira m'thumba la jekete. Lisiti ndimaumirira andilembere pamanja. Amadandaula, koma amalemba.

Ana anaona okha, ndipo nkhani yopereka khadi inathera pomwepo.

Lachisanu lapitali ndinakwera minibasi ndekha, osauza munthu. Chitenje chimene avala mayi akunyumba lero ndinagula ine, ndi dzanja langa, iwo osadziwa. Akuti mtundu wake ndi wokuwa kwambiri, akuti ndinasankha ngati wosaona. Ndinati, "Ndinedi." Koma taonani, avala!

Imirirani, mayi, akuoneni. Zikomo Ambuye, mwandisiyira ulemu wanga. Abale, kondwerani nane, muimbire Yehova m'manja. Aleluya!