Chidindo cha Bambo Halomoan Sitanggang

Abusa, akuluakulu a mabanja onse awiri, ndi inu nonse mwabwera kudzatikhuza: malemu alamu athu, Bambo Halomoan Sitanggang, anabadwa pa 9 Malichi 1956 ku Pangururan. M'banja la ana asanu ndi awiri anali achitatu kubadwa, koma oyamba kuyankhula, ndipo atayamba sanasiyenso.

Pulayimale anaphunzira kwawo komweko, sekondale ku Siantar. Mu 1976 anatsikira ku doko la Belawan kukagwira ntchito yolondolera amalinyero a zombo zakunja. Chingerezi anachitola kumeneko, chabwino ndi chotukwana chomwe. Pofika 1980 anali atatchukanso ngati woyankhulira mabanja pa maukwati. Anthu akafuna kukambirana za malowolo osagwirana pakhosi, ankaitana iwowa. Wina akaponya mawu olasa, iwo ankawawakha, kuwathira shuga, n'kuwapereka tsidya linalo ali ozuna.

Mu 1984 anakwatira mlongo wathu, Mayi Rospita a kwa Nainggolan, mphunzitsi wa Chingerezi, nakhazikika ku Medan kuno.

Mu 1993 malemu anamva kuti chikalata chopita kukhoti kapena kunja chimafuna womasulira wolumbira, amene boma lamuyesa, lamulumbiritsa, ndipo ali ndi chidindo cha dzina lake. Mtima wawo unafera pa chidindocho. Analembetsa mayeso a ku Jakarta, nauza mayi kuti awaperekeze, aziwanyamulira madikishonale. Poti ulendo unali umodzi, mayi nawo analembetsa. Zotsatira zitatuluka, wonyamula madikishonale anakhoza, mwini ulendo analephera.

Chingerezi sichinawachepere ayi. Anawapatsa chikalata chothetsa ukwati, ndipo pamene panalembedwa kuti mwamuna anathawa mkazi wake, iwo anamasulira kuti anapita kukaganiza kaye. Lumbiro la ntchitoyi limati usawonjezere, usachotsepo. Koma malemu ankati, "Mawu oterowo munthu ungawanene apongozi ali pomwepo?"

Kuyambira pamenepo pachipata pawo panakhomedwa chikwangwani cha dzina la mayi. Munthu amene maukwati a theka la Medan anadutsa pakamwa pake anasanduka "amuna awo a womasulira". Mlendo akafika n'kufunsa kuti amayi alipo, malemu ankamupatsa khofi, n'kumunong'oneza kuti, "Alipo, koma Chingerezi chawo n'cha m'buku, sichinakwerepo chombo." Chidindo chikalira kuti du! kuchipinda, iwo ankakweza wailesi. Tsiku lina botolo la inki ya chidindo cha mayi linapezeka pansi pa thumba la mpunga, ndipo banja linagwirizana kuti anali mphaka.

Analembanso mayeso mu 1996 ndi mu 2002. Konseko anayanjanitsa anthu amene pachikalata anali pa mlandu, n'kulepheranso. Mayesowo ataimitsidwa kwa zaka zingapo, malemu ankauza anzawo kumowa kuti boma lachita nawo mantha. Tinene zoona pamaso pa Mulungu: malemu ankawakonda kwambiri mayi, ndipo aliyense wonyoza ntchito ya mayi ankaona zakuda. Kunyozako kunali kwa iwo okha.

Anapuma pa ntchito ya kudoko mu 2016. Mu 2023, ali ndi zaka 67 ndiponso atayamba kudwala impso, analembetsanso. Ulendo uno anameza malovu napempha mayi kuti awaphunzitse. Sukulu yake inali ya pa tebulo lodyera: malemu akathira shuga pa chiganizo, mayi ankachotsa nthuli ya nsomba m'mbale mwawo. Anaonda, koma anakhoza.

Mu Febuluwale 2024 analumbiritsidwa ali pa njinga ya olumala, mayi akuwakankha. Ife tinaliko. Kanali koyamba kuwamva akubwereza mawu a munthu wina osawonjezerapo kanthu. Pobwerera anadzera kwa wosema zidindo namuuza kuti, "Achimwene, chikule pang'ono kuposa cha mayiwa. Osati kwambiri, koma zizioneka."

Pa 2 Epulo anagonekedwa m'chipatala. Chidindo chinawapeza komweko Lachitatu pa 17 Epulo. Anafunafuna chikalata choti adindepo, ndipo anamwino anathawitsa mapepala awo onse. Pamenepo anagwira dzanja la mayi, nalitembenuza, nadinda kuseri kwake ndi mphamvu zonse zimene zinatsala.

"Mwachimva, mayi a Tiurma?" anafunsa.

"Ndachimva, bambo," anayankha mayi. "Chikuposa changa."

Malemu anamwalira m'mawa mwake, pa 18 Epulo 2024, ali ndi zaka 68, ali womasulira wolumbira.

Asiya akazi awo, Mayi Rospita, ana atatu, Tiurma, Marolop ndi Sondang, zidzukulu zisanu, ndi azichemwali awiri ku Pangururan. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, mpingo, a kwaya ya amayi amene aphika ndi kuimba masiku onsewa, ndi anzawo a kudoko. Pempho la banja ndi limodzi: popereka moni kwa mayi, dzanja lamanjalo muligwire mosamala. Dzina la amuna awo likuwerengekabe pamenepo, ndipo sanalisambitse.

Alamu, pitani bwino. Mzimu wanu uuse mu mtendere wa Ambuye.