Njinga Imene Ndinati Ndi Yatsopano

Aulutsi, ndine nkhalamba ya ku Magodi. Pofunsila mkazi wanga ndinamuuza kuti njinga yanga ndi yatsopano. Zaka zonsezi ankandiseka: "Bodza, adada! Munangoipaka penti." Ine kukana kwamtuwagalu.

Atadwala, ndinaipeleka kwa wokonza kuti ndidzamukwezenso popita ku chalichi. Wokonzayo atapala dzimbili pansi pa felemu anapeza nambala, nafufuza pa foni. "Asekulu, njingayi ndi mkulu wanu!"

Ndinati mkazi wanga ndidzamuuza ikatha kukonzedwa, tidzasekele limodzi. Koma inatha patapita sabata chimuikileni m'manda.

Dzulo ndinaipalasa mpaka kumandako, pakaliyala popanda munthu. Ndinati, "Amake mwana, mwawina. Inalidi penti." Palibe anaseka.

Omvela anzanga, bodza lanu livomeleni mnzanu akali kumva.