Ng'oma Ikaleka, Musazule Mawaya

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1988, mwana wachitatu wa bambo telala ndi mayi mphunzitsi. Ambiri munkawatchula kuti a Chiphokoso. Dzinali silinali lachikondi, tonse tikudziwa.

Anayamba sukulu mu 1994, namaliza sekondale mu 2006. Kenako anaphunzira kukonza mawailesi, ndipo m'kashopu komweko, pa kompyuta yakale yong'aluka galasi, anayamba kupeka nyimbo zovina zopanda woimba. Ng'oma yake imagunda mosasintha ngati mtima, pamwamba pake pakuyenda timawu tosalala tokwera pang'onopang'ono. Pakati pa nyimbo ng'oma imaleka, n'kutsala kaliwu kamodzi kolira kokha. Iwo ankati nyimbo yeniyeni ili pamenepo, munthu adikire, ng'oma ibwerera ndi mphamvu. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kudekhako ndiko kunawakanika anthu. Pa 6 Ogasiti 2016 malemu anakwatira mayi a ana awa, ndipo anawapekera nyimbo ya tsikulo. Ng'oma italeka, amalume a malemu anayesa makina afa, nathamanga kukazula mawaya. Holo yonse inafa ndi phwete. Mkwatibwi sanaimve nyimbo yake mpaka kumapeto, ndipo wopepesa sanapezeke mpaka lero.

Kuyambira 2018 ankaika nyimbo m'holo yovinira ya bwana wina, amene ankawalamula kudula pakatipo, ati makasitomala akhala pansi. Anawaimika pafupi ndi masipika mpaka khutu lakumanzere linagontha, n'kuwachotsa ntchito mu 2023. Bwanayo watumiza nkhata yamaluwa yaikulu kuposa zonse. Taiona.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mu Januwale chaka chino anayamba kudwala impso. Ali pakama ankapekabe nyimbo ina ndi khutu limodzilo, koma anangofika nayo pakati pomwepo. Anatisiya pa 9 Juni.

Asiya mkazi, ana aakazi awiri, mayi awo ndi alongo atatu. Tikuthokoza anamwino, anansi amene anatibwereka galimoto, komanso anzawo okonza mawailesi, okhawo amene ankamvera mpaka kumapeto.

Mayi a ana apempha chinthu chimodzi: nyimbo yomalizayi iikidwe tisananyamule bokosi. Ng'oma ikaleka, makina sanafe. Amalume, chonde khalani pansi. Ulendo uno ng'omayo sibwereranso, koma mudikire ndithu.

Mzimu wawo uuse mumtendere, kumene kulibe wozula mawaya.