Ampulifaya Yochedwa Kutentha

Lamlungu m'mawa pamsika wa zinthu zakale wa Yangiobod, Shohista ankagulitsa samsa, mtundu wa samusa, pafupi ndi mzere wa kwa wokonza mawailesi. Pamzerepo panali bambo waimvi atafungatira ampulifaya yadzimbiri, mahedifoni atsopano ali m'khosi, ndipo mayi wina wa kumbuyo kwake analephera kupirira.

"Achimwene, mahedifoni apamwamba chonchi mukufuna kuwalumikiza ku chigoba chimenechi?"

"Zatsopano ndayesa zitatu, mlongo. Mawu ake ngouma ngati buledi wadzana. Iyi yokhala ndi mababu m'kati imatulutsa mawu onona, woyimba amakhala ngati ali nawe m'chipinda."

"Zatsopano zonona ziliko, ndipo mukangoyatsa, nyimbo pompo. Nkhalamba yanuyi mpaka itenthe kaye."

"Mphindi zitatu."

"Mwaonatu. Munthu mpaka kumwa tiyi."

"Bambo anga ankatero. Akayatsa ankathira tiyi, n'kumandifunsa za kusukulu, za mpira, ngakhale za atsikana. Mababu akafiira ankakweza chala, tonse chete. Si munthu wolankhulalankhula. Zonse zimene ndikudziwa za iwo ndinazimva m'mphindi zitatuzo."

Mayiyo anatsitsa mawu. "Pepani. Anatisiya liti?"

"Ali moyo, tikukhala nyumba imodzi. Koma chifereni ampulifayayi, zaka zisanu ndi zinayi tsopano, timangopatsana moni."

"Nanga mahedifoniwo? Amenewotu ndi a munthu mmodzi."

"Ndi awo, makutu ayamba kuwavuta. Nyimbo azimvera okha, ine sizikundikhudza. Kwa wokonzayu ndikufuna kupempha chimodzi: ngati n'kotheka, izichedwako kutentha."