Tsitsi Lopesa Bwino

Mumzinda wa Recife, pamzere wa apilo ya ndalama za odwala olephera kugwira ntchito, mayi wina anafunsa amene anali patsogolo pake.

"Inu anakukanirani chifukwa chiyani, mayi?"

"Tsitsi. Dokotala analemba kuti ndinabwera waukhondo, tsitsi lopesa bwino, ndiye kuti matenda a maganizo ndilibe."

"Munadzipha nokha! Kunotu umabwera ngati wagona m'ngalande."

"Pamaso pa dokotala? Ife sitinaleredwe choncho. Komatu ndinali nditatha milungu itatu osadzuka pabedi. Anandisambitsa ndi mng'ono wanga Jucilene, ine ndikungolira."

"Nanga lero mwasambiranji? Simuphunzira?"

"Ndasamba, inde, koma ndabwera naye wondisambitsayo. Ndi uyo akugula khofiyo. Dokotalayo amufunse yekha kuti tsitsi limeneli walipesa maola angati."