Ndinkabweza Yankho Langa Pachipata

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye amene mumawerenga maumboni pano. Ine ndine nkhalamba yokhala ku Balaka, ndipo nkhani iyi sindinaifotokozepo kwa munthu, ngakhale kwa abusa anga. Ndi nkhani ya mdzukulu wanga Tiyamike, amene anatsala pang'ono kundichokera kupita ku Joni chifukwa chosowa ntchito.

Kwathu kwenikweni ndi ku Machinga, kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Kuwerenga ndi kulemba ndinaphunzira kusukulu ya kwacha imvi zitamera kale, nthawi imene mwana wanga Esime ndinali nditamusiyitsa kale sukulu kuti azithamangitsa mbalame m'munda wa mpunga. Atakula anapita ku Joni kukagwira ntchito za m'nyumba, ndipo anabwerako ali m'bokosi. Anandisiyira Tiyamike ali wamng'ono. Tsiku la maliro ndinalonjeza mumtima kuti uyu yekha adzaphunzira mpaka adzakhale mu ofesi.

Mulungu anatiyendetsa, Tiyamike anamaliza maphunziro a kompyuta ku koleji ina ku Blantyre. Anaphunzira kujambula zithunzi ndi zilembo, komanso kupanga mapulogalamu. Anabwera kunyumba ndi pepala lake ndi laputopu yogula pa kaunjika, tinayamba kudikira ntchito. Mvula inagwa, chimanga chinauma, mvula ina inagwanso. Akamuitana ku mayeso a ntchito ankanyamuka atatchena, koma pobwera ankangolowa kuchipinda osadya. Ndikamufunsa ankati, "Akufuna amene anagwirapo kale ntchito, Anganga." Ine ndinkaganiza kuti amenewo ndi mawu okanira ana a amphawi basi.

Pa nthawi yomweyo pakhomo pathu pankabwera anthu. Ine ndimakonda kukhala pachipata, pansi pa mtengo wa nimu, choncho aliyense ankayamba wakumana ndi ine. Anabwera mtsogoleri wa kwaya, akufuna chithunzi choti adinde pansalu yawo. Anabwera wina wofuna makadi a ukwati, winanso wa golosale wofuna chikwangwani. Onsewo ndinkawabweza ndi mawu amodzi: "Mwana uyu anaphunzira, si wa ganyu." Ndinkaopa kuti akayamba timaganyu, a m'maofesi adzamuona wotchipa, ndipo moyo wake udzatha ngati wa amayi ake. Iye sindinkamuuza kuti kunabwera munthu.

Tiyamike anayamba kuwonda. Laputopu ija anaiika pansi pa bedi, anasiyanso kuimba akamasesa. Tsiku lina anandigwadira nkundiuza kuti walankhula ndi thiransipota, munthu wonyamula anthu opita ku Joni, ndipo agulitsa laputopu kuti apeze ya ulendo. Anati, "Ndatopa kudya thukuta lanu, Anganga." Chikwama chake chinali chitalongedzedwa kale. Ndinaona msewu womwewo umene unatenga Esime ukubwereranso pakhomo panga.

Ndinasala kudya, ndinapemphera ngati munthu amene akumira. Ndinkati, Ambuye, woyamba uja ndinamukankhira ndine panjira imeneyi, musalole kuti uyunso apite. Koma pempherolo ndinkamuuzanso Mulungu mmene ayankhire. Ndinkafuna foni yochokera ku ofesi yaikulu, china chilichonse ayi. Foni sinalire.

M'malo mwake panatsika pa kabaza mayi wina wachisilamu wa ku Nayuchi, Abiti Saidi, amene ndinkamudziwa kuyambira kwathu. Iye amagula mpunga m'midzi nkumagulitsa pa Ulongwe. Anati masitolo akukana mpunga wake chifukwa uli m'mapulasitiki opanda dzina, ndiye akufuna mwana amujambulire chizindikiro cha pathumba. Ndinamuyankha monga ndinkayankhira onse. Iye anangoseka, nkundilambalala, kukakhala pakhonde.

"Che Mangani, ine ndabwera kwa mwana, osati kwa alonda," anatero. Kenaka anaodira yekha mpaka Tiyamike anatuluka.

"Mama, anganga akowa akuti suli wa ganyu. Akwaya aja akuti anabwezedwanso pompano. Ineyo ndiye sindibwerera, kabaza ndamuuza kale kuti azipita."

Tiyamike anandiyang'ana. "Ndi zoona, Anganga? Kunkabwera anthu?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Ku mayeso kuja amandiuza kuti ndiwaonetse zimene ndinapangira anthu enieni, zimene zikugwira ntchito penapake. Ine ndimangotulutsa za kusukulu."

Sanakalipe. Akanakalipa mwina zikanandipepukira. Ndinakhala pansi pa mtengo uja, nditazindikira kuti chimene mwana ankasowa chinkabwera chokha ndi miyendo, ine nkumachibweza.

Madzulo asanafike laputopu inatuluka pansi pa bedi. Koma musaganize kuti zinayenda msanga, chifukwa Abiti Saidi ndi kasitomala wovuta. Ataona chithunzi choyamba anati, "Iyayi mama, uwu ndi mpunga kapena mapira?" Tiyamike, amene anakulira m'tauni, anakwera minibasi ndi mayiyo kukaona mpunga uli m'munda. Chachiwiri anachikananso, akuti zilembo zachepa. "Ogula anga ndi nkhalamba ngati alonda akowa, maso anatha kale." Mwana ankakwiya, nkufufuta, nkuyambiranso. Ku Ulongwe anaona mmene mayiyo ankavutikira kulandira maoda a masitolo, ndipo anamupangira kapulogalamu ka pafoni kothandiza zimenezo. Kanakanika kangapo, iye nkumakakonza. Thiransipota ataimba foni, ndinamumva Tiyamike akuyankha kuti adzapita ulendo wina. Chikwama chinali chikhalirebe pakona, chomanga, ndipo ine ndinkachiyang'ana tsiku lililonse ndikupemphera.

Tsiku lina Tiyamike anabwera kuchokera kumsika atanyamula kathumba ka mpunga. Anakagula yekha m'sitolo ya pa Balaka pompano, ndipo pamwamba pake panali ngala ya mpunga imene anajambula ndi dzanja lake. Anakaika pamiyendo panga. Kenaka analowa m'nyumba, anamasula chikwama chija, nkubwezera zovala zake pachingwe. Ndinalira ngati mwana, thumba lili m'manja.

Lero Tiyamike akuphunzira ntchito pa kampani ina yaing'ono ku Blantyre. Anamutenga ataona thumba lija ndi kapulogalamu kaja. Malipiro ake ndi ochepa, komanso sanamulonjeze kuti adzamulemba mpaka kale, koma ali m'dziko lake, ndipo Loweruka amabwera kudzathandiza anthu a kuno. Esime sadzabweranso, bala limenelo ndidzapita nalo kumanda. Komabe ndikuthokoza Mulungu amene sanandiyankhe monga ndinkafunira, koma anatuma mayi wa chipembedzo china, wopanda mantha ndi nkhalamba, kudzandichotsa pachipata. Inu amene muli ndi ana ophunzira amene angokhala pakhomo, musatope kupemphera, ndipo musanyoze kantchito kakang'ono kamene kagogoda pakhomo panu. Ana inunso musataye mtima, yambani ndi amene ali pafupi nanu.

Nditsirize ndi tsiku lija anamasula chikwama. M'mawa mwake ndinatenga thabwa lakale ndi penti yotsala ya chitseko. M'nyumba munali katswiri wa zilembo, koma sindinamudzutse. Ndinalemba ndekha ndi zilembo zanga zokhotakhota za kusukulu ya kwacha kuti, "Pano timajambula pa kompyuta. Lowani." Ndinalikhomera pa mtengo wa nimu uja, ndipo mpando wanga ndinausamutsira kuseri kwa nyumba.