Khoswe wa m'bwato ndi Sala wa ku Dedza

Lusungu, mlongo wanga, ndikulumbira sukhulupirira, koma masiku aja ndili Fomu wanu kuno ku Chintheche, buku ili limene ukulowezera mayeso a mawa ine ndinalimaliza tsiku limodzi, ndipo Sala amene ankatiphunzitsa anachita kuvula magalasi. Tsekula makutu, mayankho ndikupatsa ndi ine.

Nthawi imeneyo sitinkafunsa foni ngati inu, mutu unkagwira ntchito wokha. Buku lija likukamba za bwato lalikulu lobowoka, ndipo wofotokoza nkhani ndi khoswe wokhala pansi pa thabwa, amene amangoona mapazi a anthu basi, nkhope ayi. Waona nzeru yake? Wolemba sanatchule munthu, koma ukaona phazi lovala nsapato lili pouma, ena ali chosavala m'madzi, umadziwa wekha amene akudya bwino, ndipo wolembayo palibe angamugwire pakamwa.

Tsono Sala aja anali a ku Dedza, munthu woti nyanja anayionera pawindo la minibasi. Akuti, "Bwato ndi dziko, okapa madzi ndi anthu wamba, nanga bowo likuimira chiyani?" Ine ndinaimirira. Ndati, "Sala, bowolo lisiyeni kaye. M'bukumu wopalasa nkhafi wamkulu amukhazika kutsogolo. Ku Bandawe mwana aliyense akudziwa kuti wowongolera bwato amakhala kumbuyo. Ndiye kaya wolembayu sanakwerepo bwato, kaya akutiuza kuti amene tikumuona kutsogolo si amene akuwongolera." Iwe! Sala anakhala pansi. Atsikana a ku Kande anandiombera m'manja mpaka belu. Lemba zimenezo, ana a masiku ano simuziona.

Ndipo kumapeto, ukumbukire bwino, bwato limamira, khoswe yekha ndi amene amasambira kukafika kumtunda, kutanthauza kuti dziko likawonongeka opulumuka ndi akuba.

"Achimwene, bwato silimira."

Ukuti chiyani?

"Silimira. Onani tsamba lomalizali. Limangozungulira pomwepo, anthu akukapabe madzi, ndipo khoswe akuti mapazi ovala nsapato asintha koma nsapato ndi zomwe zija. Mukanandilephetsa mayeso inu."

Bweretsa ndione. Hmm. Mwina alisintha, mabuku a masiku ano sadalirika.

"Ndi lomwe lija la kusukulu. Dzina lanu ili apa pachikuto, mwalemba ndi bolopeni yofiira. Masamba akumapetowa Sala anachita kufotokopa n'kumata."

Chabwino, usakweze mawu, amama angamve. Za wopalasa kumbuyo zija ndi zoona, ukalembe, ukhoza nazo. Ndipo buku uziliwerenga mpaka kumapeto, mwana wa amayi, usamangomvera anthu. Ine masamba khumi omalizawo sindinawerenge. Ndinakulungira usipa wokazinga pa buleki.